Galimoto ya pa Chithunzi

Tili ku Zomba sindinkalota n'komwe za galimoto. Ofesi inali pompo, msika pompo, chipatala pompo. Munthu unkatha kupita kunyumba masana, kudya, kugonako pang'ono, n'kubwerera abwana asanazindikire. Kenako boma linati likulu likusamukira ku Lilongwe, ndipo ife a m'maofesi anatipakira m'malole limodzi ndi makabati a mafayilo. Mkazi wanga ananyamula makina ake osokera pamiyendo ulendo wonse, kuopa kuti angathyoke.

Amene anakonza mzinda wa Lilongwe anali ndi galimoto, ndipo ankaganiza kuti aliyense ali nayo. Ndikunena izi ndikudziwa, chifukwa ntchito yanga inali yojambula mapu, ndipo mapu a mzinda womwewu ankadutsa patebulo langa. Papepala unali mzinda wokongola zedi. Ukauyenda ndi miyendo m'pamene unkautukwana. Maofesi anawamanga ku City Centre, pakati pa tchire. Msika, masitolo ndi chipatala zinatsala ku Old Town. Ife anatipatsa nyumba ku Area 18, ndipo pakati pa malo onsewa panali udzu, fumbi lofiira ndi mathirakitala basi. Basi inkabwera ikafuna.

Ine kuyenda sikunkandivuta. Vuto linali mwana wathu woyamba, wamkazi, amene poliyo inamufooketsa mwendo wakumanzere ali wakhanda. Ankavala zitsulo kumwendoko, ndipo mwezi uliwonse ankafunika kuchipatala kuti akamuone ndi kumuwongola. Ku Zomba mayi ake ankangomubereka. Ku Lilongwe anali atakula, akulemera, ndipo mtunda sunali wobereka munthu. Ndinagula njinga, ndinamanga pilo pakaliyala, ndipo tsiku la chipatala tinkanyamuka awiri. Chitsulo chija chinkagunda masipoko, malole a mchenga ankatithira fumbi, ndipo tinkafika mwana atafiira ngati njerwa. Sankalira. Chimenecho n'chimene chinkandipweteka kwambiri.

Tsiku lina mwayi unandigwera: boma linanditumiza ku Mangalande kukaphunzira za mapu. Maphunziro ake sanali okwana chaka. Anzanga kumeneko ankagula masuti ndi mawailesi, ine ndinkadya buledi ndi tiyi, n'kumasunga kandalama ka chakudya kamene ankatipatsa. Ndinabwerako makolala a malaya akundikhwepa. Koma ndisananyamuke ndinagula galimoto kwa mayi wina wokalamba amene mwamuna wake anali atamwalira. Inali yaing'ono, yobiriwira, yakale koma yosamalika, chifukwa malemuwo ankangopita nayo kutchalitchi. Mnzanga wina anandijambula nditaitsamira, dzanja lili padenga ngati ndagwira mnzanga paphewa, ndipo chithunzicho ndinachitumiza kunyumba.

Nditafika ndinachipeza chili pakhoma, pamwamba pa makina osokera. Mwana anali atagawa kale mipando. Ine woyendetsa, mayi ake pambali panga, iye kumbuyo chakumanzere pawindo, kuti mwendo azitha kuuwongola pampando. Mlendo aliyense wobwera pakhomo ankayamba waonetsedwa mpando umenewo asanapatsidwe madzi.

Galimoto inabwera pasitima ya m'madzi, kenako pa ya pamtunda, mpaka ku Limbe. Ndinapita ndi mtima uli m'mwamba, botolo la petulo lili m'chikwama. Mkulu wa kasitomu anandilandira bwino, n'kundiwerengera lamulo modekha. Munthu amene wakhala kunja chaka chathunthu ankaloledwa kulowetsa galimoto yake popanda msonkho. Wosakwanitsa chaka ankalipira msonkho wonse, ndipo wangawo unkaposa mtengo umene ndinagulira galimotoyo. Ukalephera kuiombola nthawi yake ikakwana, ankaigulitsa pa okushoni. Ndinati, koma bwana, amene anadula miyezi ya maphunziro anga ndi boma lomweli. Iye anati akumvetsa, koma lamulo sanalembe ndi iye. Ndinaiona kudzera pa waya, ili pakati pa zinzake, nambala ya choko ili pagalasi. Petulo uja ndinabwerera naye ku Lilongwe.

Bambo anga ku Dedza atamva anatumiza uthenga kuti ndisataye mtima. Anali ndi ting'ombe tawo, ndipo anati agulitsako, mdzukulu wawo asamakwere njinga ngati thumba la makala. Ine zinandimvetsa chisoni, chifukwa ng'ombezo ndi zomwe ankadalira paukalamba wawo, komabe ndinavomera mumtima. Ndikanangotsatira njira imeneyo, nkhani ino sindikanalemba.

Ndiye ndinazindikira kuti sindinali ndekha. Mnansi wanga wa khomo loyang'anana ndi langa, bambo wa ku Rumphi, wowerengera ndalama za boma ndiponso mkulu wa mpingo, nayenso galimoto yake inali kuseri kwa waya womwewo wa ku Limbe. Panalinso namwino wina, aphunzitsi awiri, ndi ena angapo amene anatumizidwa maphunziro afupiafupi ngati ine. Mnansi wangayo ndi amene anayamba kunena kuti tilembere boma, tipemphe kuti lamulo lisinthe: munthu amene boma lamutumiza lokha, miyezi yake ikhale yokwanira, ndipo okushoni iyambe yaima nkhani ikuonedwa.

Achinyamata a lero amalemba zikalata zotere n'kukazipereka akuimba nyimbo, atolankhani akujambula. Masiku amenewo sizinali choncho. Anthu oposa awiri kusaina pepala limodzi lodandaula chinali chinthu choti ukhoza kupita nacho osabwerako. Funso loyamba silinkakhala lakuti akudandaula chiyani, koma lakuti wayambitsa ndani. Ndipo woyambitsa ankamupeza mosavuta: dzina loyamba pamndandanda.

Tinakumana Lamulungu masana kunyumba kwa mnansi wangayo, aliyense atanyamula buku la nyimbo, kuti odutsa aziti ndi mapemphero a panyumba. Tinaimbadi nyimbo imodzi, moti Mulungu atikhululukire. Kalata tinaikonza bwino. Theka lake linali kuthokoza: chitukuko, mtendere, likulu latsopano, misewu yotakasuka. Pempho lenilenilo linabisala kumunsi, litagwada. Itafika nthawi yosaina, cholembera chinakhala patebulo, aliyense akuyang'ana kudenga.

Apa mnansi wanga anaitana mkazi wake, nati abweretse chivundikiro cha poto. Anachiika pakati pa pepala, n'kuzungulizapo mzere ndi pensulo.

"Bambo anga ankatero ku mishoni akafuna kudandaula kwa azungu," anatero m'Chichewa chake cha kumpoto. "Aliyense asaine mozungulira, dzina lichoke pamzere kupita kunja. Palibe woyamba, palibe womaliza. Akafunsa kuti mtsogoleri ndani, aloze okha."

Tinaseka, mantha n'kuchepako. Tinasaina tikutembenuza pepala, ndipo maina athu anaoneka ngati dzuwa lojambula mwana wa sukulu. Ndinabwerera kunyumba ndikudziona wochenjera kwambiri.

Koma kalata siyenda yokha. Woinyamula kupita nayo ku ofesi ndiye akanakhala mtsogoleri amene tinavutika kumubisa uja. Pa positi tinaopa kuti igwera m'manja olakwika. Mkazi wanga ndi amene anati, bwanji achimwene.

Alamu angawo, mchimwene wake wamkulu wa mkazi wanga, anali munthu wamkulu m'boma. Ankakhala ku Area 3, m'nyumba zakale zija za azungu, za khonde lozungulira ndi mitengo ya maluwa, mlonda pageti, wa m'dimba akuthirira kapinga ife tikusowa madzi osamba. Galimoto ya boma inkawatenga m'mawa n'kuwabweza madzulo, koma yawoyawo analibe, ndipo Loweruka akazi awo ankapita kumsika wapansi ngati tonsefe. Ndiwo analipirira mkazi wanga sukulu. Ndiwo anali ankhoswe paukwati wathu. Kwa ana anga anali malume, mwini mbumba, munthu amene mawu ake pa ana ankalemera kuposa anga. Ndinkawakonda, ndisaname. Anali anthabwala, ndipo chibwerereni ankanditchula kuti alamu a ku Mangalande.

Tinapita tonse ndi mkazi wanga, kalata ili mkati mwa malaya. Anaiwerenga atavala magalasi, ndipo atafika pa dzuwa lija anaseka mpaka kutsokomola.

"Alamu, nzeru izi mwaphunzira ku Mangalande kapena kukhitchini?"

"Kukhitchini, alamu."

"Ayi, mwalemba mwaulemu. Isiyeni kuno. Zinthu ngati izi sizilowera pakhomo la kutsogolo. Pali wina amene ndimamwa naye tiyi, ndikamupatsa pamanja."

Kenako anayamba kufunsa za galimotoyo. Injini ili bwanji, matayala, yayenda mtunda wotani, imamwa mafuta bwanji. Ine ndinatambasula zonse, za mayi wokalamba uja, za tchalitchi, za mipando yosang'ambika. Ndinkati akufunsa chifukwa chonyadira mlamu wawo. Nditatchula za ng'ombe za bambo anga anagwedeza mutu.

"Ayi, alamu, musawavule madala. Mugulitse ng'ombe lero, mawa lamulo lisinthe, mudzalira. Auzeni adikire."

Ndinatumiza uthenga ku Dedza kuti ng'ombe zikhale.

Nyengo yadzuwa inapita, mvula inayamba. Ndikakumana nawo ndinkafunsa mozungulira, monga mmene munthu amafunsira wamkulu. Yankho linali lokhalokhalo, ndi nkhope yowala: "Fayilo ikuyenda, alamu." Ulendo wina anati ili patebulo la abwana aakulu. Ulendo wina anati abwanawo apita kunja. Nditanena kuti nthawi ya ku Limbe ikutha, anati okushoni aiimitsa, ndipo ndisayerekeze kupitako, chifukwa ndidzaoneka ngati ndikukakamiza boma. Ndikafuna kufunsanso, mkazi wanga ankandigwira mkono pansi pa tebulo. Kunyumba ankati, "Musawapanikize achimwene, akutithandiza mwa chifundo chawo."

Anzanga osaina aja ankandifunsa ine, ine n'kuwapatsa mawu omwewo, kuti fayilo ikuyenda. Namwino uja tsiku lina anati mmodzi wa ife apite ku ofesi akafunse ngati kalata inafikadi. Tonse tinavomereza kuti ndi nzeru yabwino. Kenako tinayang'anana. Wopita kukafunsa ndiye mwini kalata. Chivundikiro cha poto chija chinatibisa bwino kwambiri, moti panalibenso munthu woti n'kuimirira kunena kuti kalata yathu ili kuti. Tinabalalika aliyense akuti tidikireko sabata ina.

Linali Lamulungu, titabwera kutchalitchi. Ndinali kuseri ndikumata chubu cha njinga, mwana ali pakhonde. Ndinamva hutala, kenako mawu ake, mokweza mmene sindinamumvepo:

"Ababa, yabwera! Galimoto yathu yabwera!"

Ndinathamanga manja ali ndi guluu. Inali yomweyo, yobiriwira, yotsukidwa, itaima pageti pathu, nambala yake yokha ndiyo inali yatsopano. Alamu akutuluka, atavala suti ya kutchalitchi. Zimene ndinachita zimandiwotchabe mpaka lero. Ndinawagwira dzanja ndi manja anga onse awiri, ndikuwerama, ndikuthokoza. Ndinkati achita zondidzidzimutsa, akaitenga okha ku Limbe kuti mlamu wawo asavutike. Anansi anatuluka. Mnansi wanga wa ku Rumphi anaima pakhomo pake akumwetulira, poganiza kuti yakenso ili m'njira.

Makiyi alamu anawaika m'thumba la jekete lawo.

"Tilowe m'nyumba, alamu, tikambe."

Anakhala pampando wanga, chithunzi chija chili pamwamba pa mutu wawo. Mkazi wanga anagwada n'kuwapatsa moni, n'kukhala pamkeka. Analankhula pang'onopang'ono, ngati mmene ankalankhulira pamilandu ya banja.

"Kalata ija sindinaipereke. Ndinaiotcha tsiku lomwe lija. Inu simudziwa mmene zinthu zilili kumtundaku. Mukuganiza kuti kuzunguliza maina kukanakupulumutsani? Akanakutengani nonse, ndiye anawa ndikanalera ndine. Ndinakupulumutsani, alamu, ngakhale simundithokoza lero."

Ndinafunsa za galimoto.

"Okushoni inachitika. Galimotoyi ikanapita kwa munthu wachilendo, osaionanso. Ndinati bola ndiigule ine, ikhale pabanja pompano. Tsiku la chipatala muzingonena, mwanayu ndi wanga."

Ndinali ndi mawu ambiri, koma onse anali oti ukawanena kwa mwini mbumba, ukwati umagwedezeka. Amene analankhula anali mkazi wanga, yemwe chibadwire sanawayankhepo achimwene akewo. Sanakweze mawu, ndipo maso anali pamkeka.

"Achimwene, kalatayo mwina munachita bwino. Nanga ng'ombe za apongozi anga munaletseranji?"

Alamu anatulutsa kampango n'kupukuta magalasi. Anawapukuta nthawi yaitali. Kenako anati kunja kukutentha, mvula ibwera madzulo.

Funso limenelo ndakhala nalo moyo wanga wonse. Za kalata ndinaziganizira kwambiri, ndipo n'kutheka ankanena zoona. Anthu ankasowadi pa zifukwa zochepa kuposa pamenepo. Akanandiuza tsiku lomwe lija ku Area 3 kuti alamu, ichi n'choopsa, ndikuchiotcha, pitani mukagulitse ng'ombe, ndikanakwiya sabata imodzi n'kuwathokoza moyo wonse. Koma anandisunga ndi fayilo yoyenda mpaka nthawi itatha, akudziwa za injini, za matayala ndi za mipando kuchokera pakamwa panga. Boma silinandinamize. Linandiwerengera lamulo lake loipalo poyera, ndili chiimire. Amene anandinamiza ndi munthu amene ndinkadya naye m'mbale imodzi.

Tikukamba choncho mwana anali atadzikoka kufika pakhomo, atagwira felemu.

"Amalume, ndikwere?"

"Kwera, mwana wanga, kwera."

Panalibe wina womunyamula. Ndinamunyamula ndine, ndinatsegula chitseko cha kumbuyo chakumanzere, n'kumukhazika pawindo pake paja, mwendo n'kuuwongola pampando. Unakwanadi bwinobwino monga ankanenera. Mkati munkamvekabe kafungo ka mayi wokalamba uja. Mwana anati, "Ababa, inu simuyendetsa?" Ndinati lero ayendetsa amalume. Anazungulira naye mzere wa nyumba zathu, iye akubayibitsa aliyense, n'kubwera naye. Ndinamutsitsa. Galimoto itanyamuka anandifunsa kuti ikukagona kuti, ndipo ndinati kwa amalume kuli mlonda.

Magalimoto a anzanga aja anagulitsidwanso pa okushoni yomweyo. Ndinapita kwa mnansi wanga kukamufotokozera. Anandimvetsera mpaka kumapeto, mwaulemu, n'kunena kuti wamva. Koma iye anaona ndi maso ake galimoto yanga ili pageti panga, mlamu wanga akuyendetsa, ine ndikumugwira dzanja ndi manja awiri. Ndikanakhala iye, nanenso ndikanaganiza zomwezo. Kuyambira pamenepo tinkangopatsana moni wa pamsewu, ndipo akazi athu anasiya kubwerekana mchere. Atamusamutsira kwina sanatsanzike.

Za chipatala alamu anasunga lonjezo mwezi woyamba ndi wachiwiri. Wachitatu anati kuli msonkhano. Wachinayi anatumiza wa m'dimba kudzanena kuti mafuta avuta. Sindinapemphenso, ndipo iwo sanafunse. Paukwati ndi pamaliro tinkakhala limodzi, akunditchulabe alamu a ku Mangalande, ine n'kumaseka pamene pakufunika kuseka. Mkazi wanga sanapondenso ku Area 3 kufikira tsiku limene anakalira maliro awo. Chithunzi chija ndinafuna kuchichotsa, koma mwana anakana, ndipo chinakhala pakhoma mpaka chinafwifwa.

Loweruka lina m'mawa tinali panjinga, tikutsetsereka kulowera ku Old Town, chifukwa zitsulo zija zinali zitamuthina mwana ndipo a kuchipatala anatiuza kuti tibwere nazo. Ndinamva injini kumbuyo, ndipo ndinaizindikira ndisanacheuke. Inatidutsa pafupi, alamu akuyendetsa, akazi awo pambali, madengu a kumsika ali pampando wa kumbuyo, pawindo lakumanzere. Mwana anasiya kundigwira m'chiuno ndi dzanja limodzi n'kuyamba kubayibitsa. Anabayibitsa mpaka galimoto inakhota cha ku Msika wa Lilongwe, fumbi lake likutigwera.

Kenako dzanja lija linabwerera m'chiuno mwanga.

"Sanatione, ababa," anatero.

"Eya, sanatione," ndinayankha, n'kupitiriza kupalasa.